Mbuzi ikuonda, nkhumba sikukula: poyambira kufufuza musanagule jakisoni

Mvula ikangokhazikika mu Januwale, madandaulo omwe amandipeza kuno ku Bembeke amakhala omwe aja a chaka chatha. Wina mbuzi zake zatha thupi pachingwe, wina tiana ta nkhumba tikungofa timodzitimodzi, wina wadzuka m'mawa wapeza mkota uli gone m'khola. Ambiri amabwera atabaya kale jakisoni wa oxytetracycline wogula pamsika, ndipo chiweto chikapanda kusintha amathamangira mpeni kuti apezepo kangachepe. Ine ndimaweta mbuzi ndi nkhumba zochepa zogulitsa kwa mabutchala ndi anyamata a kanyenya, ndipo zambiri zomwe ndatayapo sizinafe chifukwa chosowa jakisoni. Zinafa chifukwa cha khola, chakudya, madzi, ndi zinthu zomwe ndinalola ndekha kulowa pakhomo.

Pa chizindikiro chilichonse m'munsimu ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri, n'kumatsika.

Musanachite chilichonse

- Patulani chodwalacho, chikhale pachokha pouma.
- Yezani kutentha kwa thupi. Themometa ya kufamase imakwana, mumailowetsa kumatako. Mbuzi yabwinobwino imakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40, nkhumba pakati pa 38.5 ndi 39.5. Ngati thupi silinatenthe, kawirikawiri oxytetracycline alibe ntchito pamenepo.
- Onani ndowe, ndipo gwirani pansi pa khola ndi dzanja. Ponyowa?
- Kumbukirani chomwe chalowa pakhomo m'masabata 3 apitawa: chiweto chogula, tonde wobwereka, nyama yankhumba, butchala wodzaona katundu, thumba latsopano la madeya.

Mbuzi ikudya koma ikuonda

1. *Njoka za m'mimba.* Ichi ndiye chimatha mbuzi zambiri nthawi ya dzinja. Zoopsa kwambiri ndi tinyongolotsi tofiira toyamwa magazi m'chifu, ndipo m'ndowe simungatione. Kokerani pansi chikope cham'munsi ndi chala chachikulu, muone mkati mwake padzuwa. Mukakhala mofiira bwino, magazi alipo. Mukakhala motuwa ngati pepala, mbuziyo yatsala pang'ono. China ndi kutupa kofewa pansi pa chibwano, kokhala ngati mwadzaza madzi. Mwetsani mankhwala a njoka, albendazole kapena levamisole, molingana ndi kulemera kwake, osati mwa maso. Apa ndi pomwe ambiri timalakwa: botolo limodzi timafuna likwanire khola lonse, mbuzi iliyonse n'kulandira theka la mlingo, ndipo njokazo zimangozolowera mankhwalawo. Albendazole musamwetse mbuzi yomwe yangotenga bere kumene, amatha kuononga mwana ali m'mimba. Pakatha masabata awiri onaninso chikope chija.

2. *Njala ya pachingwe.* Kuyambira Disembala mpaka anthu atakolola, mbuzi zimamangidwa kuti zisalowe m'minda mwa anzathu, ndipo pamenepa palibe wotsutsa, milandu ya mbuzi kwa amfumu tonse timaidziwa. Koma chikhomo chikakhala malo amodzi sabata yonse, mbuzi imadya udzu womwe yanyerapo yokha, ndiye njala ndi njoka zimabwera limodzi. Sunthani chikhomo tsiku lililonse, musabwerere pamalo omwewo mwezi usanathe, ndipo dikirani mame aume musanazitulutse, chifukwa mphutsi za njokazi zimakwera udzu wonyowa. Madzulo ziduleni nsenjere, masamba a lukina kapena gliricidia, mupachike m'mwamba osati kuponya pansi. Mbuzi mwachibadwa imadya choimirira. Masangwi a mtedza ndi makoko a nyemba omwe timaotcha mu Meyi ndi omwewo omwe akanatithandiza mu Okutobala.

3. *Majumbo.* Mbuzi zoyenda m'misika ngati ku Lizulu, Chimbiya kapena Kampepuza zimadya mapepala apulasitiki chifukwa cha mchere ndi mafuta a tchipisi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma mbuzi zimawapezabe. Mbuzi yotere imakhala ndi mimba yaikulu yolimba koma msana uli mafupa okhaokha, imadya pang'ono n'kusiya. Ine ndinaphapo imodzi yomwe ndinamwetsa mankhwala a njoka katatu konse, m'chifu ndinatulutsamo mtolo wa majumbo ndi chingwe cha saka, zopotana kukula ngati dzungu laling'ono. Palibe mankhwala omwa omwe angasungunule zimenezo. Igulitseni ikadali ndi nyama, zotsalazo muziikira mchere m'khola kuti zisamasake kudzala.

4. *Tizilombo ta m'chiwindi.* Ganizirani izi ngati mbuzi zanu zimadya kudambo kapena kumwa m'zithaphwi momwe muli tinkhono tam'madzi. Zizindikiro zake ndi zofanana ndi za njoka, koma levamisole ndi ivermectin wamba sapha tizilomboti. Uzani alangizi komwe mbuzi zimadya kuti akusankhireni mankhwala oyenera.

5. *Ukalamba.* Tsegulani kukamwa. Mano akaperepeseka kapena kuguluka, mkotawo wagwira ntchito yake.

Imani muitane alangizi ngati chikope chayera ndipo mbuzi ikulephera kuima, kapena ngati mwamwetsa mlingo wokwanira koma pakatha masabata awiri palibe kusintha.

Mimba yatupa mwadzidzidzi

Yang'anani mbali yakumanzere. Ikatupa ngati ng'oma, mbuzi n'kusiya kubzikula, mulibe nthawi yambiri.

1. Yadya msipu wanthete wonyowa kapena masamba a nyemba ndi kabichi ambiri ili ndi njala. Imikani miyendo yakutsogolo pokwera, mwetsani mafuta ophikira okwana mamililita 50 mpaka 100 pang'onopang'ono chakumbali kwa kamwa, sisitani mimbayo n'kuiyendetsa. Mukathira mothamanga mafutawo amapita kumapapo.
2. Yaba chimanga, mphale kapena ufa woyanika pamphasa. Iyi imachedwa kuonekera, mawa lake ndi pomwe imafooka n'kutsegula zonunkha mowawasa. Mwetsani soda wophikira supuni imodzi yaikulu m'kapu ya madzi, ipatseni udzu wouma wokha, madeya ayi.
3. Yadya masamba opopera mankhwala. M'madimba a tomato, kabichi ndi mbatatesi a kuno ndi ku Tsangano kupopera ndi kwa sabata ndi sabata. Mbuzi imachucha dovu, imanjenjemera, imatsegula m'mimba. Tengani botolo la mankhwalawo mukawaonetse alangizi. Ikafa, nyama yake isadyedwe.

Musaboole mimba ndi mpeni kapena sipoko. Ndinaonapo munthu akutero, mpweya unatulukadi, koma mbuzi inafa patapita masiku atatu m'mimba mutaola.

Tiana ta mbuzi tikutsegula m'mimba

1. Khola lonyowa. Tiana ta masabata 3 mpaka miyezi 5 timagwidwa ndi tizilombo tofanana ndi ta kamwazi wa nkhuku, tochokera m'ndowe za zazikulu. Ndowe zake zimakhala zamadzi, zakuda, nthawi zina zamagazi. Mankhwala ake ndi amprolium kapena a gulu la sulfa, koma khola likakhala lomwelo matendawo amabwerera.
2. Tianato sitinayamwe mkaka woyamba wachikasu uja m'maola oyambirira. Kamwana kotere kamadwaladwala mpaka kalekale.
3. Njoka, makamaka tikayamba kudya udzu.

Chomwe chimapha msanga ndi kutha madzi m'thupi. Sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, muzimwetsa pafupipafupi, ndipo musakaletse kuyamwa. Za khola, mangani lam'mwamba, pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, timitengo ta pansi pake titalikirane mpata wolowa chala kuti ndowe zizigwa koma mwendo wa kamwana usakodwe. Manyowa ake mudzawathokoza kudimba.

Chifuwa, mamina, kupuma mobanika

Chibayo ndicho choyamba, makamaka mu Juni ndi Julayi mwera ukamaomba m'mapiri muno. Khola lam'mwamba lili ndi vuto lake: mphepo imalowa ndi pansi pomwe. Tchingani mbali yomwe mphepo imachokera ndi udzu kapena masaka, koma siyani mpata pansi pa denga. Khola lotsekeratu lomwe mukalowa maso amalasa ndi fungo la mkodzo limabweretsanso chibayo chomwecho. Thupi likapitirira madigiri 40, apa ndiye oxytetracycline ali ndi malo ake, ndipo mlingo wake muutsate mpaka kumapeto. Ngati thupi silinatenthe koma chifuwa chikupitirira, ganizirani njoka za m'mapapo kapena fumbi la madeya ouma. Mbuzi zingapo zikayamba nthawi imodzi mutangogula ina kumsika, nenani kwa alangizi tsiku lomwelo.

Mbuzi ikuzungulira, kugwa, kupalasa miyendo

1. Nthenda ya nkhupakupa yomwe alangizi amati heartwater. Imabwera ndi nkhupakupa zazikulu zamawangamawanga zomwe zimakonda pansi pa mchira, m'khwapa ndi pakati pa ziboda. Thupi limatentha kwambiri, mbuzi imayenda moponya miyendo, kenako imagwa chammbali. Zachikuda zimalimbako, koma tonde wa mtundu wa Boer wogula kutali amatha kufa m'masiku awiri. Jakisoni amathandiza akabayidwa thupi litangotentha, isanagwe. Kumunsi kotentha ngati ku Golomoti, Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje, dipi asamadumphidwe nthawi ya mvula.
2. Chotupa chamadzi muubongo, chochokera ku njoka za agalu. Mbuzi imazungulira mbali imodzi kwa masabata, thupi osatentha. Sichichizika pakhomo. Lekani kuponyera agalu mitu yaiwisi ya mbuzi, ndipo agaluwo nawo azimwa mankhwala a njoka.
3. Kafumbata, pakatha sabata kapena awiri mutathena ndi lumo losawiritsa. Thupi limauma gwa, nsagwada osatseguka.
4. Chiwewe. Ngati inalumidwapo ndi galu, ikulira modabwitsa ndi kuchucha dovu, musaike dzanja m'kamwa mwake. Itsekereni, itanani alangizi, ndipo yemwe wakhudza dovulo asambe ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala.

Kutsimphina

Kawirikawiri ndi matope oolesa pakati pa ziboda, ziboda zotalika mopinda, nkhupakupa yobisala, kapena munga. Tsukani, sengani, ikani pouma. Koma ziweto zingapo zikamatsimphina pamodzi, zili ndi matuza m'kamwa ndi m'mapazi, ng'ombe za pafupi nazo zikuchucha dovu, amenewo akhoza kukhala matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Musasunthe chiweto chilichonse, kaneneni.

Nkhumba ikudya koma sikukula

1. *Madeya okhaokha.* Madeya ndi madzi amakhutitsa koma samanga thupi. Zomanga thupi m'madeya zimangofika cha m'ma 10 pa 100, pomwe nkhumba yokula imafuna pafupifupi 16. N'chifukwa chake mumapeza nkhumba ya chaka chathunthu ikadali ngati ya miyezi inayi, mutu waukulu, ubweya wautali, ikungolira. Sakanizani ndowa 4 za madeya ndi ndowa imodzi ya soya wokazinga ndi kugaya, ndipo pa makilogalamu 100 aliwonse muthire mchere theka la kilogalamu ndi laimu wa ziweto kilogalamu imodzi. Soyayo akazingidwe ndithu mpaka fungo lauwisi lithe, chifukwa wamuwisi amalepheretsa chakudya kugayika m'mimba. Ndi chakudya chotere, nkhumba ya mtundu wa Large White kapena Landrace imafika makilogalamu 70 mpaka 90 pa miyezi 6 mpaka 8. Yachikuda musaiyembekezere zimenezo, koma nayo imasintha.

   Mbatatesi zotsalira posankha, zing'onozing'ono zija zosagulika, ndi chakudya chabwino mukaziphika n'kutaya madzi ake. Zobiriwira ndi zomera zili ndi poizoni, zichotseni. Masese a mowa ndi owonjezera chabe.

2. *Madzi.* Yokula imamwa malita 5 mpaka 10 patsiku, yoyamwitsa imapitirira 20. Madzi osakaniza m'madeya sakwanira, pakhale chomwera china cha madzi okha. Nkhumba yodya zamchere ikasowa madzi imatha kugwa ngati yakhunyu.

3. *Njoka za m'mimba.* Mimba yaikulu, kutsokomola, nthawi zina njoka yaitali yoyera m'ndowe. Perekani mankhwala pozisiyitsa kuyamwa, kenako miyezi itatu iliyonse.

4. *Mphere.* Ikungodzikhula kukhoma, khungu lachita nkhanambo kuyambira m'makutu. Ivermectin, kubwereza pakatha masiku 14, khola lonse osati imodzi yokha. Oyilo wakutha wa galimoto musapake, ameneyo amathera m'nyama yomwe mudzagulitse.

5. *Chuku.* Chimanga choola chomwe anthu akana sichikhala chabwino chifukwa chapita kukhola. Nunkhizani madeya musanagule, akamagwirana mibulu asiyeni.

6. *Chibale.* Mphongo imodzi kukwera ana ake ndi zidzukulu zake. Sinthanani, koma werengani kaye za chigodola m'munsimu.

Tiana ta nkhumba tikufa sabata yoyamba

Lembani tsiku lomwe mkota wakweredwa. Bere la nkhumba ndi miyezi 3, masabata 3 ndi masiku 3, ndiye palibe chifukwa chodzidzimukira.

1. Kugoneredwa ndi make. Khomani mtengo mozungulira khoma, masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pansi ndi kukhoma, kuti make akamagona tiana tizithawira kuseri kwake.
2. Kuzizira. Kamwana kobadwa kumene kamafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 30, pomwe usiku wa Juni ku Dedza umatsika pansi pa 10. Tikazizidwa timakakamira pa make, ndiye kugoneredwa kuja. Ikani bokosi la udzu wouma pakona, lovindikira ndi saka.
3. Make alibe mkaka. Gwirani mawere, akatentha ndi kulimba, iye osadya, itanani alangizi lero lomwe.
4. Kuchepa magazi, makamaka m'khola la simenti. Tiana timatuwa n'kumapuma mwawefuwefu pa sabata yachiwiri kapena yachitatu. Jakisoni wa ayironi pa tsiku lachitatu amateteza.

Nkhumba zasiya kudya, zaunjikana, makutu ndi mimba zafiira

Apa musayambe n'kuganiza zina. Itengeni ngati chigodola kufikira alangizi atanena kuti si chimenecho. Thupi limatentha kupitirira madigiri 40.5, miyendo yakumbuyo imagwedera, zina zimasanza kapena kutsegula zamagazi, zabere zimataya. Zimafa m'sabata imodzi kapena iwiri, nthawi zambiri khola lonse. Chigodola chilibe mankhwala. Yemwe akukugulitsani jakisoni wa chigodola akukuberani.

Kwa ine chinalowa ndi nsapato. Butchala wina anabwera m'mawa kudzaona nkhumba ziwiri zomwe ndinkagulitsa, ndinamutsegulira khola ndekha, analowa, anazigwiragwira pamsana, tinalephera kugwirizana mtengo, anapita. Pa njinga yake panali dengu lamagazi, ndinaliona koma sindinaganizepo kanthu. Patatha masiku 6 mkota wanga wamkulu unakana chakudya, ndipo mwezi usanathe m'khola munali zii.

Njira zomwe chimalowera, kuyambira yofala:

1. Nyama yankhumba yotchipa modabwitsa. Nthendayi sigwira munthu, n'chifukwa chake anthu amapha zodwala n'kugulitsa. Madzi otsukira nyamayo ndi makombo ake zikapita kukhola, basi. Kachilomboka kamakhala miyezi m'nyama yowamba kapena yozizitsa.
2. Anthu, nsapato, njinga, zingwe ndi mipeni ya ogula.
3. Nkhumba yogula kumene kapena mphongo yobwereka. Kuno msewu wa M1 ndiwo malire ndi Mozambique m'malo ena, nkhumba zimaoloka mbali zonse popanda wofunsa.
4. Nkhumba zotayirira zikatha zokolola.
5. Nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola akale adothi ndi mitengo. Zimasunga kachilomboka kwa zaka.

Zoyenera kuchita lero: tsekani khola, pasatuluke nkhumba kapena nyama, wodyetsa akhale mmodzi wokhala ndi nsapato za kukhola kokha, uzani oyandikana nawo ngakhale zili zochititsa manyazi, ndipo kaneneni ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu, kaya ku Bembeke, Linthipe, Lobi, Njolomole, Nsipe kapena Tsangano. Zakufa zikwiriridwe mozama pomwe agalu sangafukule, osati kutaya kumtsinje. Musagule zina mpaka alangizi atakuuzani, ndipo khola lamitengo lokhala ndi nkhufi kuli bwino kuliotcha. Mukadzayambiranso, chiweto chatsopano chizikhala pachokha masiku 30, makombo aziwira kwa mphindi zosachepera 30, ndipo wogula aziima kunja kwa mpanda, inu muzimutulutsira nkhumbayo.

Zoonekera pa tsiku lopha

- *Timatuza toyera tonga mpunga m'nyama yankhumba*, tomwe ena amati mase. Nkhumbayo inadya chimbudzi cha munthu. Wodya nyama yosapsa amamera njoka yaitali m'mimba, ndipo mazira a njokayo akalowa mwa munthu kudzera m'manja kapena madzi amatha kukafika kuubongo n'kuyambitsa khunyu. Nyamayo isagulitsidwe. Pogula yamoyo, onani pansi pa lilime. Nkhumba zikhale m'khola, pakhomo pakhale chimbudzi.
- *Chiwindi cholimba, chamitsempha yoyera, chotuluka tizilombo tonga tsamba.* Tayani chiwindicho pokwirira, ndipo zotsala m'khola zilandire mankhwala.
- *Fungo la tonde kapena la mphongo.* Thenani zikadali zazing'ono, tiana ta nkhumba m'masabata awiri oyamba. Mphongo yaikulu ithenedwe ndi alangizi, ndipo papite miyezi iwiri isanaphedwe.
- *Nyama yosachedwa kununkha kapena yotuwa yamadzimadzi.* Chiwetocho chinathamangitsidwa, kumenyedwa kapena kumangidwa panjinga padzuwa. Chipumitseni usiku wonse ndi madzi okha, iphani mbandakucha, magazi atuluke onse, matumbo achoke msanga osaboola, nyama ipachikidwe pamthunzi.
- *Zilonda za jakisoni pantchafu.* Bayani pakhosi. Ndipo werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanaphe, ena amafika 28 kapena kuposa. Lembani tsikulo ndi khala pakhoma la khola.

Nyama yogulitsa iyezedwe ndi alangizi a ziweto, ndipo popita ndi chiweto boma lina tengani chilolezo.

Chiweto chomwe chafa mwadzidzidzi chili chonenepa, magazi akuda osagwirana akutuluka m'mphuno ndi kumatako, mimba itatupa msanga, musachisende ngakhale pang'ono. Akhoza kukhala matenda a anthrax, ndipo ameneyo amapha ndi anthu omwe, wosenda ndi wakudya. Chivindikireni ndi minga kuti agalu asafike, ana asayandikire, mutume munthu kwa alangizi.